Malata Achikasu a Dona Ermelinda

Ku Munhava konse, mumzinda wa Beira, palibe amene sadziwa Dona Ermelinda, mayi wamfupi wogulitsa nkhanu, wapakamwa posatopa. Anabwera ku Beira kuchokera ku Búzi ali mtsikana, n'kukwatiwa ndi Zeferino, wopenta maboti. Malemuyo sanawasiyire chuma. Anasiya nyumba ya zipinda ziwiri, ya denga limene analipaka penti yachikasu yotsala kumaboti poopa dzimbiri. Anthu ankaseka kuti nyumbayo ikuoneka ngati papaya wakupsa.

Namondwe wa Idai atadutsa, makoma anatsala koma denga lonse linauluka. Zidzukulu za Dona zinkagona pansi pa lona wodontha, ndipo wamng'ono anayamba chifuwa. Anzawo ankakhalira pamzere wa thandizo, pomwe malata ankangoti abwera mawa. Dona anakana kukaimapo.

"Malata anga sanafe," anatero. "Angopita kokacheza."

Masiku amenewo lata linali la yemwe walitola, ndipo theka la mzinda linkagona pansi pa denga la eni. Dona anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kuzungulira, maso ali m'mwamba. Loyamba analipeza pa khola la abakha la Custódio, kalipentala.

"Achimwene, abakha anu ayamba liti kugona m'nyumba ya Zeferino?"

"Dona, linagwa lokha pabwalo panga. Ndi mphatso ya Mulungu."

"Mulungu sapenta zachikasu. Katengeni hamala."

Custódio anaseka, n'kulizula, mpaka kuwasenzera. Ena ankanyoza, ena ankalimata matope kuti lisadziwike, koma Dona ankangokanda ndi chikhadabo, chikasu n'kutulukira. Kukangana nawo pagulu n'kudziputira, choncho ambiri ankabweza msanga. Denga linabwerera pang'onopang'ono, lopindikapindika. Kunangotsala pamwamba pa chipinda cha ana, pamene pankafunika malata awiri aatali.

Anakawapeza kufupi ndi ngalande, atatsamiritsidwa pa chipupa chogumuka. Pansi pake panali mtsikana akuyamwitsa khanda. Dzina lake linali Graciete. Mwamuna wake anapita kukamangirira bwato tsiku la namondwe, ndipo sanabwerere.

Dona anayang'ana khandalo. Chisoni chinawagwira kwambiri, koma chifuwa cha mdzukulu wawo chinali chikadali m'makutu.

"Mwana wanga, malatawa ndi anga."

"Ndikudziwa, amayi. Aliyense akudziwa," anayankha Graciete maso ali pansi. "Mundilole mpaka mvula ithe."

"Mvula ya ku Beira imamvera munthu? Ndikuwatenga lero lomwe."

Mtsikanayo sanalire. Anangoyamba kusonkhanitsa tinsanza ta mwana wake. Dona anaitanitsa Custódio, amene anabwera n'kuchotsa malatawo akung'ung'udza.

"Dona, apa ndiye mwaonjeza. Iyi ndi nkhanza."

"Senzani, zolalikira n'za Lamulungu."

Malata atanyamuka, dzuwa linawomba khandalo kumaso. Dona anawerama, anapinda mphasa ya Graciete, n'kuika mphika wake pamutu pawo.

"Iwe wakhaliranji? Malata anga sindingawasiye, komanso sindingakusiye pamtetete. Bereka mwanayo, utsatire malatawo. Koma udziwiretu, kwathu timalawirira kukatsuka nkhanu."