Njinga Yokankha

Nditabwerako ku Joni, akazi anga aNaphiri ankafuna kuti tigule nyumba ya njerwa ya aphunzitsi ena amene ankasamuka ku Fonte Boa. Ine ndinawoloka malire pa Kalomwe n'kukagula njinga ku Dedza. Ndinati ndi ya banja lonse, izitinyamula.

Chimene sindinanene n'chakuti kupalasa sindinkatha. Munthu wochokera ku Joni n'kumaphunzira njinga anthu akuona? Choncho Lamlungu lililonse ndinkaikankha mpaka ku Misa, belu ndikuliza, ndipo wondifunsa ndinkamuuza kuti miyala ya kuno imadya matayala.

Nthawi ya aNaphiri yochira itakwana, azamba anati tithamangire kuchipatala cha ku mishoni. Ndinatulutsa njinga n'kuyamba kupukuta chishalo chimene chinali chowala kale.

"ABanda, musavutike," anatero akazi anga akubuula. "Ndinakuonani tsiku lija mukugwa nayo kudimba. Ndikwezeni, muzikankha."

Mwana anabadwa bwinobwino. Chimene chimandichititsabe manyazi ndi cha panjira. Azimayi ankandiloza n'kumati, "Onani mwamuna wosamala, safuna kuwagwedeza akazi ake!" Ndipo ine ndinkavula chipewa n'kuthokoza.