Dzina la Bambo a Délcia

A Baltazar anabadwira ku Zóbuè, n'kukulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Atabwerera analima chimanga pafupi ndi Moatize mpaka malasha atawasamutsa. Koma mukafunsa za a Baltazar m'tauni muno, palibe angakulozereni. Tonse timati Bambo a Délcia, ngakhale Délciayo anamwalira asanayambe n'komwe sukulu, ndipo wina sanabadwenso.

Empreza, kampani ya mgodi wa malasha ija, itawasamutsa, manda anatsala kumudzi wakale. Manda a Délcia analibe mtanda kapena simenti, timiyala basi. Atamva kuti makina akuyandikira, bambowo anaganiza zoika foto ya mandawo pa blogi yawo yakale, yomwe anthu ankaiwerenga nthawi ya msamuko, mwina wina n'kuchitapo kanthu. Rede yathu ya intaneti inkaduka foto isanakwere, ndiye anabwera kuloja yanga, komwe ndimakonza mafoni, kuti ndiwaikire pa komputadori pulogalamu yolembera blogi, ija imatumiza pang'onopang'ono.

Polowa analemba dzina lawo la pa blogi: Bambo a Délcia. Pulogalamu inakana, eti dzina lolowera lisakhale ndi mipata. Taonani zake! Blogi yeniyeniyo inalilandira kalekale, koma kapulogalamu kodzimva aka ndiye kokana.

"Bambo, tingotsegula blogi ina, tilembe baltazar basi," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Mwanawe, ukufuna ndimuike m'manda kawiri? Dzinali likachoka, adzamutchulanso ndani?"

Ndinapsa mtima ndi amene anaipanga, munthu wosamvapo kuti kuno bambo amaitanidwa ndi dzina la mwana wake. Mwamwayi inali ya mtundu womwe aliyense angatsegule m'kati n'kukonza. Ine si katswiri ayi, ndinkangofufuza ngati nkhuku pa dzala, magetsi akuzimazima. A bambo aja ankabwera tsiku lililonse lamsika, kukhala pa kabokosi akutsokomola, n'kufunsa kuti, "Zatheka?" Yankho langa linkandiwawa ndekha.

Kenaka ndinaupeza: mzere umodzi wokha m'kati mwa pulogalamuyo, wolola zilembo ndi manambala, china chilichonse ayi. Ndinaumasula, ndipo dzina linalowa bwinobwino.

Ndinawaimbira foni ndikukondwa. Anafika madzulo, nsapato zili bii ndi fumbi la malasha. Dzulo lake anali atapita kumudzi wakale. Manda okhala ndi mitanda a mgodi anawafukula n'kuwasamutsa mwaulemu, koma pomwe panali timiyala panali dzenje loti galimoto n'kuoneka ngati nyerere.

Sanalire. Anakhala pa komputadori, n'kuchotsa foto ija, n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi, ine ndikuwerenga kumbuyo kwawo mtima ukuwawa:

"Inu amene munkayendetsa makina kumanda kwathu, sindikukuimbani mlandu, munali pa ntchito. Mungondiuza komwe munakataya dothilo."