Ulusi Wofiira pa Katoni

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Balaka, pamalo ena osokera mayunifolomu a ana asukulu. Ndinachoka kwathu ku Ngokwe ndi kachikwama kamodzi komanso malangizo a amayi anga: usadutse kutsogolo kwa akulu, usapereke chinthu uli chilili. Malangizowo ndinkawasamala kuposa nsapato zanga.

Eni malowo anali mayi wamtali, wosalankhulalankhula. Matelala analipo atatu, ndipo wamkulu anali bambo wachiyao wa ndevu zoyera amene tonse tinkawaitana kuti anganga. Ine ndinkasita makolala ndi matumba a malaya n'kumakapereka kwa matelalawo kuti alumikize.

Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira, ntchito inatikulira. Makolo ankabwera kudzatenga zovala za ana awo n'kubwerera chimanjamanja. Nthawi zambiri makina ankakhala chete, matelala akudikira ine. Tsiku lina ndinamva eni malowo akuuza anganga kuti, "Pali pena pamene pakutichedwetsa, ndipo ndipapeza." Sindinafunse munthu. Ndinadziwa kuti penapo ndi ine.

Lolemba lotsatira mayi aja anabwera ndi katoni yaikulu. Anali atapitako kumaphunziro a kayendetsedwe ka ntchito, ndipo anati ayesa zimene anaphunzira. Pakatonipo anajambula chipinda chathu, tebulo langa ndi makina atatu aja, n'kubaya maphini m'makona ndi pamalo alionse amene munthu amaima. Kenako anatenga ulusi wofiira.

"Kulikonse kumene upite, ine ndizikulunga ulusiwu kutsata mapazi ako," anatero. "Gwira ntchito ngati masiku onse. Uiwale kuti ndilipo."

Ndikanaiwala bwanji? Maso awo ankandiotcha kumsana ngati dzuwa la Okutobala. Ndinayamba kuthamanga, ndipo posakhalitsa ndinapsereza kolala imodzi. Iwo anangoyang'ana nthawi pafoni yawo n'kunena kuti, "Ndati ngati masiku onse. Ukathamanga ukundinamiza." Ndinabwerera pa kayendedwe kanga.

Nthawi ya nkhomaliro anamasula ulusi uja pamaphini kuti aone kutalika kwake. Telala mmodzi anagwira nsonga n'kumayenda chafutambuyo. Anatuluka pakhomo, anadutsa khonde, mpaka anakaima pansi pa mtengo wa mango, ulusi usanathe.

"Iii, mdzukulu!" anganga anafuula. "Wafika ku siteshoni ya Nkaya wapansi lero? Sitima waisiyiranji?"

Onse anaseka. Ine m'maganizo ndinkaona minibasi yobwerera kwathu, ndi nkhope ya amayi anga atandiona ndikutsika mwezi usanathe. Ndinagwada pafupi ndi mpando wa eni malowo.

"Pepani mayi, mawa ndiyesetsa."

"Tadzuka uone ichi." Analoza pakatoni. "Kuchokera patebulo lako kufika pa anganga ndi mapazi atatu okha. Nanga bwanji njira yako ikutsata khoma, n'kuzungulira kuseri kwa makina onse?"

"Sindingadutse kutsogolo kwa akulu, mayi."

"Ukafika?"

"Ndimagwada."

"Ndaona. Ndipo umakhala chigwadire mpaka amalize msoko, akuone, alandire ndi manja awo. Kusita umasita msanga, foniyi ndi mboni. Nthawi yako ikuthera panjira ndi m'maondo."

Anganga anavula magalasi. "Walahi, ndiye wochedwetsa ndine! Tsiku lonse mwana kundigwadira ngati ndine shehe, ine n'kumadabwa kuti makolala akuchokera ku Lilongwe kapena."

Mtima unayamba kutsika, koma mantha ena analowa. Ndinkaganiza kuti mayi aja andiuza kuti ndizingowaponyera zinthu akuluakulu ndili chilili. Ndikanavomera, chifukwa sindinkadziwa kukana, koma manja anga sakanatha.

Iwo sananene zimenezo. Anaitana matelala awiri aja kuti anyamule tebulo langa n'kuliika kumutu kwa makina, moyandikana ndi anganga. Pakati pathu anaikapo mpando, pampandopo lichero.

"Ukasita uziika umu," anatero. "Wofuna azitenga yekha. Sukupatsa munthu, ukupatsa lichero. Kwanu mumagwadira lichero?"

"Iyayi, mayi."

"Basi."

"Koma ulemu wanga usathe," anganga anawonjezera. "Uzindipatsa m'mawa kamodzi, wonenepa, wokwana tsiku lonse."

Masana amenewo sindinayendenso, kupatula kukamwa madzi. Poyamba dzanja linkachita manyazi poika kolala m'lichero popanda mawu, ndipo maondo ankafuna kupinda okha. Koma makina atatu aja analira osadukiza mpaka nthawi yoweruka. Lachitatu lichero linadzaza, ndipo anganga anadandaula kuti ndikufuna kuwapha ndi makolala nkhalamba yosalakwa. Ndinaseka mokweza kwa nthawi yoyamba pamalopo, kenako ndinadzigwira pakamwa.

Komabe palibe amene anandiuza kuti ndikhala. Sabata yonse ndinkamvetsera mapazi a eni malowo akamayandikira. Lachisanu anandiitana ndi tepi yoyezera m'manja.

"Tambasula manja," anatero. Anandiyeza m'mapewa ndi m'chiuno, n'kutchula manambala kwa anganga. "Mumusokere epuloni ngati ya anzakewa. Musiye mpata, mwanayu anenepa."

Ndinabwerera patebulo langa. Simbi inali itatentha kale, koma ndinaima kaye pang'ono osaigwira, kungopuma.