Mayi owokera Lamulungu

Ku Bwanje kuli mayi ena amene mawu awo amayamba kufika eni ake asanaoneke. Amakoka fodya wam'mphuno, amatukwana mbalame za mumpunga ngati zikumva, ndipo kutchalitchi amapondako pa maliro pokha. Wodandaula za ntchito amangomuyankha kuti, “Ukalira, matope amva?”

A Mirriam, omwe ndime yawo inayandikana ndi ya mayiwa, ankawapewa. Chaka chatha, nthawi yowokera mpunga, a Mirriam anali kudwazika mwana kuchipatala cha Mua, mbande zikukalamba pa nazale. Atatuluka anathamangira kumunda mtima uli m'mwamba, poti njala ankaiona ikubwera. Anangoti kakasi. Ndime yawo yonse inali yowokeredwa, pamene ya mayi aja inali matope okhaokha.

“Mwachita liti zimenezi, anzanga?” a Mirriam anafunsa mayiwo, atawaona ali m'ndime yawo.

“Lamulungu. Anzanu onse anali ku Misa, madzi ndinali nawo ndekha.”

“Lamulungu!” A Mirriam anagwira pakamwa. “Nanga ndime yanu?”

“Inu muzigwada, mayi, ine ndiziwerama. Mulungu amaona misana yonse iwiri. Tsono vulani nsapatozo, yangayi siidziwokera yokha.”

A Mirriam anavula, nalowa m'matope.