Wolawa Mchere ku Assumane

Fungo la kokonati wongopala kumene limandibwezerabe kukhitchini ya ku Assumane, mumzinda wa Lichinga, chaka chimene mwezi wa Ramadani unagwa pakati pa nyengo yozizira. Khitchiniyo inali kachisakasa ka malata akale kuseri kwa nyumba, ndipo mphepo inkalowa m'mipata yonse n'kumatiluma m'miyendo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndi amayi tinali tisanakhalitse m'dziko la Mozambique. Tinachoka kwathu ku Dedza kutsatira bambo Saide, dalaivala wa lole ya nyemba, amene anakwatira amayi bambo anga atamwalira.

Nyumbayo sinali ya bambo Saide okha. Munkakhalanso alongo awo aakulu, a Fatima, amene ana onse ankawaitana kuti titiya, ndipo mawu omaliza pakhomopo anali awo. Titiya anawalandira amayi mwa apo ndi apo, popeza amayiwo anali atalowa Chisilamu ndipo mpango sunkachoka kumutu. Koma za ine anali atanena kale, ine ndili pomwepo ndikusenda mbatatesi, kuti nyumba ndi yaing'ono ndipo mwana wa mwamuna wina kwawo ndi kwa agogo ake. Anati Idi ikangodutsa, lole ikamapita ku Malawi inditenge. Bambo Saide anangoyang'ana nsapato zawo. Anali munthu wabwino, kungoti ubwino wawo unkathera pamene pankayambira mawu a alongo awo.

Kusukulu sanandilembetse, popeza palibe amene ankadziwa ngati ndikhalitsa. Choncho m'mawa uliwonse ndinkaperekeza amayi kumsika kukagula zophika zomasulira kusala kudya madzulo. Mbatatesi za ku Chimbonila zinkaunjikidwa milumilu, dothi lofiira lisanachoke. Kunali nyemba zamawangamawanga, usipa wa ku Metangula, tsabola wowotcha maso ngakhale uli patali, ndi mchere wamibulu umene ankayeza ndi kachitini. Anthu ankayankhula Chinyanja chomveka ndithu, koma akafika pa mtengo ankatembenukira ku Chipwitikizi, ndipo amayi ankangotambasula dzanja kuti wogulitsa asankhe yekha. Tsiku lina analakwitsa n'kunena kuti twente m'malo mwa vinti, mzere wonse wa ogulitsa matimati unaseka mpaka ena kugwira nthiti.

Kokonati ndiye anatichititsa manyazi. Kwathu ku Dedza sitinkathira zimenezo m'ndiwo, timadziwa nsinjiro basi. Amayi anasankha wamkulu kuposa onse, ndipo titamuswa kunyumba munatuluka fungo loti ngakhale nkhuku zinathawa. Titiya anayenda naye pabwalo ponse akununkhitsa aliyense, anansi omwe. Kuyambira pamenepo amayi anaphunzira kumugwedeza pakhutu kuti amve ngati madzi ali m'kati, ndipo titiya anayamba kusecha dengu lathu tikabwerako, chimodzichimodzi, ngati aja osecha katundu pachipata cha malire ku Mandimba.

Pa tsiku loyamba losala kudya, amayi anandipatsa ntchito. Anati iwo sangalawe ndiwo ali pa swaumu, ndiye wolawa mchere ndikhale ine, popeza ana sasala. Titiya anaseka, nati munthu wophika amaloledwa kuika pang'ono palilime n'kulavula. Amayi anayankha mwaulemu kuti iwo ndi atsopano m'chipembedzo, akuopa kumeza mwangozi. Pamenepo titiya anaisiya nkhaniyo, popeza sukanamudzudzula munthu chifukwa choopa Mulungu mopitiriza.

Ntchitoyo ndinaitenga ngati ya boma. Mphika ukayamba kukhuthala, amayi ankandiitana mokweza, dzina lonse, kuti ngakhale a kuseri kwa mpanda amve kuti Tadala akufunika. Ndinkauzira chipande, n'kutseka maso, n'kugamula mlandu. Madzulo bambo Saide akayamikira nyemba za kokonati, amayi ankati asathokoze iwo, athokoze lilime la mwanayu. Ine ndinkatupa ndi matama, koma usana wonse ndinkayenda ndi mantha. Ndinkadziwa kuti tsiku limene ndidzalakwitse, lole ili panja.

Chimfine chinandigwira m'sabata yomaliza. Ndinadzuka mphuno zitatsekeka, mutu ukulemera, ndipo phala la m'mawa linali ngati ndikudya thonje. Linali Lachisanu, tsiku lomwe amalume awo a bambo Saide ankabwera kuchokera ku Lulimile ndi akazi awo kudzamasula nafe. Aliyense ankadziwa kuti nkhani za pabanjapo zimatha akuluakulu amenewo akabwera. Kumsika ndinabisa kachidutswa ka tsabola m'manja, ndipo amayi atatembenuka ndinakaluma. Maso anatuluka misozi, milomo inayaka, koma kukoma kwake sindinakumve. Ndinanyambita mbulu wa mchere womwe unagwa padengu. Unali ngati mwala.

Amayi sindinawauze. Ndinkaganiza kuti akadziwa, nawonso aona kuti ndilibe ntchito.

Masana amenewo titiya anachita zomwe sankachita. Anatenga kampando n'kukhala pakhomo la khitchini, akusankha mpunga m'lichero, maso ali pa ine. Nthawi iliyonse ndikakoka mamina ankadzutsa mutu. Amayi anapala kokonati, anafinya mkaka wake m'nsalu, anathira m'nyemba, ndipo dzanja lawo linapita kuchitini cha mchere kamodzi. Makala ankalira pambaula. Dzuwa linayamba kupendeka, alendo tinkawamva akuyala mkeka pakhonde.

"Tadala, bwera udzalawe," anatero amayi.

Ndinauzira chipande nthawi yaitali kuposa masiku onse. Nditaika msuzi m'kamwa ndinangomva kutentha basi, ngati madzi osamba. Ndinayang'ana amayi, iwo ankayang'ana moto. Ndinayang'ana titiya, anali atasiya kusankha mpunga.

"Nanga, mwana wa ku Malawi? Lilime lija lilipo lero?" anafunsa titiya.

Ndinaganiza kuti ndikanena kuti uli bwino, aona ngati ndikungovomera. Munthu wodziwa ntchito amapeza cholakwika. Ndiye ndinati mchere wachepa, awonjezere, ndipo ndinanena molimba mtima ngati ndikudziwa chimene ndikunena.

Amayi sanafunse kawiri. Anapisa dzanja m'chitini, anatapa wodzaza chikhatho, titiya akuona. Anazungulira mbaula kupita mbali ya kukhoma ngati akuthawa utsi, anawerama m'nthunzi, anagwedeza dzanja pamwamba pa mphika n'kutakasa. Mchere umenewo unali wambiri zedi, woti ukanakwana ndiwo za pamaliro, ndipo amene anaulamula ndinali ine.

Kuchokera pamenepo mpaka kumzikiti kutamveka kuitana, sindinakhale pansi. Ndinatsuka mbale zotsuka kale. Ndinaganiza zogubuduza mphikawo ngati mwangozi, koma titiya sanachoke pakhomo. Akuluakulu atamasula ndi madzi ndi phala la mpunga, amayi anabweretsa nyembazo, ine ndinaima kuseri kwa chitseko ndikuluma kolala ya juzi. Amalume aja anatapa, anatafuna pang'onopang'ono monga amachitira anthu opanda mano okwanira. Anatapanso. Kenaka anafunsa kuti nyemba zoterezi waphika ndani.

Amayi anati kuphika aphika iwo, koma mchere ndi wa mwanayu, amene ngakhale ali ndi chimfine lilime lake silinama. Amalumewo anandiitana, anandiyang'ana kuyambira kumapazi, nafunsa chifukwa chake mwana wamkulu chotere sali pasukulu. Titiya anatapa nyemba, anazisunga m'kamwa kanthawi ndithu, akuyang'ana amayi m'maso.

"Mlamu," anatero pomaliza, "Idi ikatha mukamulembetse mwanayu kusukulu. Akachoka pano muzitidyetsa madzi."

Bambo Saide anapuma mpweya waukulu n'kupempha kuti awaonjezere mpunga.

M'mawa mwake amayi anandituma kukachotsa phulusa. Nditasuntha mbaula, pakati pa iyo ndi khoma ndinapeza mulu wa mchere pansi, woyera mbee padothi lakuda, wokwana chikhatho chimodzi. Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Kenaka ndinausesa msanga, ndinausakaniza ndi phulusa n'kukataya kudzala titiya asanadzuke.

Ndinakwiya, kunena zoona. Tsiku lonselo amayi sindinawayankhule. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha, choti anataya mchere wanga, sanandikhulupirire, ndipo ndinalira kuseri kwa bafa ngati munthu wochotsedwa ntchito. Sindinawafunse, iwonso sanatchule.

Lero ndili ndi khitchini yangayanga ku Lichinga komweko, ndipo kumsika ndimatsutsana mtengo m'Chipwitikizi ngati mwana wobadwira kuno. Nyemba zikafika pothira mchere, dzanja limadziwa lokha, sindilawa. Linali tsiku lina ndikupukuta dzanja lomwelo pachitenje pamene ndinazindikira kuti mayi wophika kuyambira utsikana wake sankasowa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi kuti amuuze za mchere. Chimene ankasowa chinali chifukwa choti andiitane mokweza tsiku lililonse, m'nyumba imene anthu anali atagwirizana kale kuti mulibe malo anga.