Denga la Azakhali

Ndinali ndi zaka khumi pamene azakhali anga anafika kwathu ku Rugare, kuthawa nkhondo ku famu ina ya kumpoto. Anabwera ndi khanda kumsana ndi ndowa imodzi m'manja. M'nyumba yathu ya kampani ya njanji tinali titathinana kale, tsono bambo anati awamangire kachipinda kuseri. Mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku Lochinvar.

Bambo anatolera malata akale, nakhoma mitengo iwiri yogonekapo denga, wina mbali iyi, wina mbali iyo, kuchokera pakhoma la nyumba kutsikira pa nsanamira. Nsanamirazo anazidula zofanana, osakumbukira kuti bwalo lathu linali lotsetsereka. Atagoneka lata loyamba, ngodya imodzi inangotukuka, likugwedera. Anafuna kulipsinja ndi njerwa, koma amayi anati mvula ya mphepo idzalowera pomwepo, pamutu pa khanda.

Achimwene anga a Laisoni anali mu Fomu 2. Anajambula pansi ndi msomali mizere iwiri yopendekeka. Anati kusukulu anaphunzira kuti mizere itha kuyambira posiyana, koma ngati ikutsika mofanana pa phazi lililonse, singakumane ndipo singatalikirane. Mitengo yathuyo inkatsika mosiyana, n'chifukwa chake lata linakana kugona. Ankatchulanso zilembo za masamu, ekisi ndi wayi.

"Ekisi wakoyo anamangapo nyumba kuti?" anafunsa bambo. Koma hamala anaiika pansi.

Choyezera tinalibe. Achimwene anandikweza pa mgolo cha pambali, nati nditsinzine diso limodzi, ndiyang'ane mtengo wakutali nditalunjika ndi wapafupi. Ikamatsika mofanana, wakutaliwo ubisala wonse.

Ine ndinali mwana wosatsegula pakamwa pamaso pa akulu. Mgolo unkandiwotcha mapazi. Ndinaona bwinobwino kuti kumapeto, mtengo wakutali ukusuzumira kunsi. Ndinanong'ona, palibe amene anamva. Azakhali, omwe ankayamwitsa pamthunzi wa mpichesi, anati, "Lankhula, mama. Ogona pamenepo ndife."

"Kwezani, bambo," ndinatero mokweza.

Bambo ananyamula nsanamira, achimwene nalowetsa mwala kunsi kwake. Ndinati akwezenso pang'ono, ndipo anakweza osandiyang'ana moipa. Kenaka mtengowo unabisala, ndinangoona umodzi. Lata linagona phee.

Mvula yoyamba itagwa, ndinalowa m'kachipindako. Pamwamba panali phokoso logonthetsa, koma khanda linali m'tulo pa mphasa youma.

Sukulu sindinapite nayo patali, ekisi ndi wayi sindinakumane nawonso. Manyazinso sanandithere. Koma lero ndikapita ndi mwana wanga ku kiliniki, anesi nalemba pakhadi zosiyana ndi zimene ndikuona pathupi pake, mapazi anga amakumbukira kutentha kwa mgolo uja. Ndamvetsa tsopano kuti amene waima poonekera mpata ndiye ayenera kunena, ngakhale mawu ake ali aang'ono, chifukwa wogona pansi pa dengalo sangadzinenere yekha.