Mbale ya Mlendo

Ndikukumbukira Khrisimasi ya chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ngakhale ndikanakonda nditaiiwala. Tinkakhala ku Ching'ambo, m'nyumba ya lendi yozunguliridwa ndi mpanda wa zigwagwa, matabwa otsala pocheka paini aja. Bambo anali kalaliki wa m'boma, ndipo anawasamutsira ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Dedza. Analinso mkulu wa mpingo, ndipo ukuluwo sankauvula akafika pakhomo. Ankalowa nawo mpaka patebulo lodyera.

Nyumba yathu inali ndi mwambo wa Khrisimasi umene bambo ankaunyadira kwambiri. Tikabwerako kutchalitchi, mayi ankayala nsalu yoyera patebulo, pakona pataimikidwa nthambi ya paini yokolekedwa thonje ndi mabaluni. Ankapakula mpunga ndi nkhuku, aliyense mbale yake, kenako n'kuwonjezera ina yopanda mwini. Imeneyo inali mbale ya mlendo. Lamulo lake linali lakuti woyamba kugogoda pageti tsiku limenelo, kaya ndi chidakwa kaya wamisala, alowe, apemphere nafe, adye. Bambo ankati Yosefe ndi Mariya anasowa pogona chifukwa anthu anatseka zitseko, ndipo pakhomo pawo zoterozo sizidzachitika. Chaka china mbaleyo inagwera mayi wogulitsa bowa, chaka china munthu amene ankangofunsa njira ya ku Zolozolo. Nkhani zimenezi bambo ankazifotokoza kutchalitchi Lamulungu lotsatira, anthu n'kumagwedezera mitu.

Chaka chimenecho patebulo panasowa mbale ya mkulu wanga, Enelesi. Anali atatenga mimba ali Fomu 3, ndipo bambo anamupitikitsa tsiku lomwelo limene anamva, ndi kachikwama kamodzi. Mnyamata wake anathawira ku Joni. Enelesi anakasungidwa ndi mayi ake a mnyamatayo ku Salisbury Lines, m'kanyumba kolowa madzi mvula ikagwa. Dzina lake linaletsedwa m'nyumba mwathu. Zoti mwana wabadwa mu Okutobala tinangozimva kwa anthu.

Ndisabise, poti nkhani yagona pomwepo: kuchoka kwa Enelesi kunandikomera. Bedi limene tinkapanikizanapo linakhala langa ndekha. Ntchito yowerenga Baibulo pa mapemphero a m'banja, imene inali yake, inagwera ine. Bambo anayamba kunditchula kuti "mwana wanga wonena zoona" pamaso pa alendo, ine n'kumafufuma ngati finye.

Kutatsala masiku atatu, mayi anandiitanira kukhitchini. Ankasankha mpunga m'lichero, ndipo analankhula motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Tiya, asisi ako abwera pa Khrisimasi. Ukangomva kugogoda, uthamange ukatsegule. Bambo ako sangaphwanye lamulo loika okha."

Ndinamvetsa. Mayi anali atayesa kuchonderera, kulira, ngakhale kutuma amayi anzawo a kumpingo, koma osaphula kanthu. Anangotsala ndi mbale ija basi. Ankadziwa kuti Enelesi akangokhala pampando, mwana ali pamiyendo, bambo n'kumupempherera ngati mlendo wa tsikulo, kumutulutsanso kukanavuta.

Tsikulo kunacha ndi mvumbi wa ku Mzuzu uja, wosadziwa kuleka. Tinabwerako kutchalitchi nsapato zanga zatsopano zitalemera ndi matope ofiira. M'nyumba monse munkanunkhira anyezi wokazinga ndi utomoni wa paini. Mayi popakula, ndinaona kuti m'mbale ya mlendo aikamo ntchafu ndi nthutumba, imene masiku onse inkakhala ya bambo. Ndinawerenga nkhani ya kubadwa kwa Yesu osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Bambo anayamba pemphero lawo lalitali, ndipo ali mkati mothokoza Mulungu chifukwa cha banja lomvera, geti la malata linamveka kuti go, go, go.

Ndinathamanga. Pageti panaima bambo wa imvi woyendetsa sakaramento, njinga zonyamula anthu zija, atavala pepala la pulasitiki m'malo mwa jasi. Kumbuyo kwake kunali Enelesi, atawonda, dzanja lina atagwira ambulera yothyoka, lina atafungatira mwana m'chitenje. Analibe dzanja logogodera, n'chifukwa chake wanjingayo anamugogodera.

"Tiya, wakulatu," anatero, akumwetulira mwamantha.

Bambo anali atafika kale pakhonde, mayi ali pambuyo pawo. Bambowo anamuyang'ana Enelesi monga mmene munthu amayang'anira mtengo wa magetsi. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Tiyamike, wagogoda ndani?"

Ndinadziwa bwino lomwe chimene ankafuna. Ndinaona maso a mayi akundichonderera. Bodza silinkafunika n'komwe. Ndikanatha kungoti asisi abwera, kapena kukhala chete n'kumugwira Enelesi pamkono kulowa naye. Koma ndinaganiza za bedi langa, ndi dzina langa lokoma lija.

"Agogoda ndi abambo a njingawa," ndinatero.

"Mwana wanga sanama," anatero bambo. "Bambo, lowani, lero mlendo wathu ndinu. Tiyamike, tseka geti."

Ndipo ndinatseka. Kuseri kwa malata mwana anayamba kulira.

Wanjingayo anali atatsamiritsa njinga yake kunja kwa mpanda. Analowa mwamanyazi, anasamba m'manja, n'kukhala pampando umene kale unali wa Enelesi, madzi akudontha pasimenti. Bambo anapitiriza pemphero pamene analekezera. Ine ndinatsegula diso limodzi, ndipo ndinaona kuti mayi sanatsinzine. Misozi inkangogwera mumpunga wawo. Titati ameni, munthu uja anayang'ana mbale yake, anayang'ana mayi, kenako anayang'ana pazenera lopenya kugeti.

"Yewo chomene, adada," anatero m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chitumbuka. "Kweni ndifunseko. Mbale iyi ndi yanga nadi?"

"Ndi yanu," anayankha bambo.

"Basi, ine ndikadyera panja. Pasenjala wanga sanadye, ndiponso akuyamwitsa. Ine kumadya muno iye ali pamvula, chakudya chingandiime pakhosi."

Ananyamula mbale ija n'kutuluka nayo. Bambo anakoka mbale yawo. Anayamba kudya, akutafuna pang'onopang'ono ngati palibe chachitika. Ine ndinazemba n'kukasuzumira pampata wa zigwagwa. Enelesi anali atakhala pakaliyala wa njinga, mwana ali kubere, akudya ndi dzanja limodzi, wanjingayo atamugwirira mbale ndi ambulera. Sankalira, ndipo ndikanakonda akanalira. Atamaliza, anatsuka mbaleyo ndi madzi otsika padenga la oyandikana nafe, n'kuilowetsa pansi pa geti. Kenako ndinangomva tcheni cha njinga chikulira, kunka ku Salisbury Lines.

Lamulungu lotsatira bambo anafotokozera mpingo mmene Ambuye anatitumizira mlendo wa njinga. Zoti anakadyera panja sanazitchule. Mayi kuyambira pamenepo sanandikalipirepo za nkhaniyi, ngakhale kamodzi. Anangosiya kundiuza zakukhosi kwawo.

Enelesi sanapondenso pakhomo paja. Patapita miyezi yochepa anasamukira ku Karonga, kumene anayamba geni ya mpunga. Tinadzaonananso pamaliro a bambo patatha zaka khumi ndi zisanu, ali ndi mwana wake uja, wamtali kuposa ine, amene anandipatsa moni wopatsa mayi wachilendo. Ndinamukokera mkulu wanga pambali n'kumupepesa. Anandiyankha mopanda mkwiyo, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka koposa.

"Unali mwana, Tiya. Komanso sunaname."

Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza ndi mawu omwewo, akuti sindinaname. Bambo nawonso sanaphwanye lamulo lawo. Tonse awiri tinali olungama tsiku limenelo, pamene khanda la miyezi iwiri linkanyowa pageti. Tsopano ndikudziwa kuti munthu akhoza kusunga mwambo wa chifundo chaka ndi chaka iye mwini alibe chifundo, ndiponso kuti zoona zimene wanena ukudziwa amene zikamupweteke n'chimodzimodzi kumugenda. Pa tonse amene tinapemphera patebulo lija, amene anaimvetsa nkhani ndinawerenga ija anali mmodzi yekha, wanjinga uja, ndipo dzina lake sitinamufunse n'komwe. Zimandiwawa mpaka lero.

Ndidakali ku Mzuzu konkuno, ndipo ndili ndi ana anga. Pa Khrisimasi timakoleka thonje panthambi ya paini, timawerenga, timapemphera, koma mbale ya mlendo sindiika. Ndimangosiya geti lili pululu kuyambira m'mawa, kuti pasapezeke wofunsa kuti wagogoda ndani. Enelesi ndimamuimbira foni chaka chilichonse kumuitana. Amangoti, "Tiona," ndipo mpaka pano sanabwere.